Maluwa a m'miphika ndi kamba wa pakhomo: zoti adye ndi zoti asayandikire

Mwezi wa Juni ukafika ku Mzuzu, nkhungu ikamachedwa kuchoka m'mawa ndipo mvula yowaza ikamanyowetsa bwalo popanda kugwa kwenikweni, anthu ochepa amene amasunga kamba pakhomo amachita chinthu chofanana: amamunyamula pa kapinga n'kumulowetsa pakhonde kapena m'nyumba kuti asafe ndi chisanu. Maganizo amenewo ndi abwino, pakuti thupi la kamba silidzifunditsa lokha monga la mbuzi kapena la nkhuku, ndipo akazizidwa ndi kunyowa nthawi yaitali amayamba kutuluka mamina ndi kupuma movutikira. Vuto ndi lakuti khonde ndi chipinda chochezera ndi malo omwenso timaikamo miphika ya maluwa, ndipo ambiri mwa maluwa amene timawakonda chifukwa cha masamba ake okongola ndi amene sayenera kulowa m'kamwa mwa kamba.

Ndinaziona ndi maso anga pakhomo pa achibale ena ku Katoto. Pakona pa khonde panali mphika wa chomera chija cha masamba aakulu obiriwira okhala ndi mawanga oyera pakati, chimene dzina lake lenileni ndi Dieffenbachia, ndipo tsamba lake limodzi la m'munsi linali litawerama mpaka kukhudza simenti. Kamba analuma kamodzi kokha, n'kusiya m'mphepete mwa tsambalo ngati podulidwa ndi lumo. Sipanapite nthawi, anayamba kuyasamula mobwerezabwereza ndi kudzipukuta kumaso ndi miyendo yakutsogolo ngati munthu amene njuchi yamuluma pamlomo, malovu okhuthala akutsika ngati ulusi. Anachira, koma anakhala masiku angapo osakhudza chakudya chilichonse. Chimene sindinaiwale ndi mawu a agogo a pakhomopo, amene anayang'ana tsambalo modabwa n'kunena kuti, "Koma ana anga, fulu ndi nyama yochenjera, sadya chomupha."

Agogowo ananena zimene anthu ambiri amakhulupirira, ndipo m'mawu awo muli choonadi pang'ono. Kamba wa kutchire, amene kuno kumpoto ambiri amamutcha fulu, amayenda m'dera limene makolo ake anayendamo kwa mibadwo yosawerengeka, ndipo zomera za m'deralo thupi lake linazizolowera. Zina zimene zimadwalitsa ng'ombe ndi mbuzi iye amadya pang'ono osaona vuto. Koma maluwa a m'miphika ndi alendo. Dieffenbachia ndi Philodendron kwawo ndi ku nkhalango za ku Central ndi South America, Monstera anachokera cha ku Mexico, Kalanchoe wa timaluwa tofiira ndi wa ku Madagascar, ndipo chomera choyanga chimene ambiri amachitcha money plant chinachokera ku zilumba za m'nyanja ya Pacific. Kamba wa ku Malawi alibe chilichonse chomuchenjeza za zomera zotere. Komanso kutchire amaluma apa n'kupita patsogolo kukaluma china, pamene pakhonde la simenti chobiriwira chimene chilipo ndi chimodzi chokhacho, ndipo njala ikamupweteka amabwerera pomwepo. Maso ake amakopeka kwambiri ndi zinthu zofiira ndi zachikasu, motero duwa lililonse lowala limene lagwa pansi amalilawa. Choncho amene ayenera kusankha ndi mwini khomo.

Musanafunse ngati chomera chakutichakuti chili chabwino, yambani mwadziwa kamba amene muli naye, chifukwa akamba a m'dziko muno sadya mofanana. Wamkulu uja wa chigoba chotumphuka chokhala ndi mawanga akuda ndi achikasu ngati a kambuku, amene akatswiri amamutcha Stigmochelys pardalis, ndi wodya msipu: chakudya chake chenicheni ndi udzu, zitsamba za pansi ndi zomera zokhuthala zosunga madzi. Akakula bwino amafika masentimita 40 kapena kuposerapo, ndipo akhoza kukhala ndi moyo zaka zoposa 50. Ang'onoang'ono aja, a mtundu wa Kinixys, amadziwika ndi chigoba chimene kumbuyo kwake chimapindika ngati chitseko n'kubisa miyendo yakumbuyo ndi mchira adani akafika. M'gululi muli Kinixys spekii ndi Kinixys zombensis, amene dzina lake linachokera ku Zomba, kumene kunapezeka kamba amene katswiri wa zinyama John Hewitt anamulemba mu 1931. Amenewa amadya zosakaniza: masamba, bowa, zipatso zogwa, nkhono, abongololo ndi tizilombo tina. Kamba wotere sangakhale ndi thanzi pa masamba okha, pamene wa mawanga uja mukamupatsa nyama kapena chakudya cha agalu mumamuwonongera impso. Nkhasi za m'madambo ndi m'mitsinje ndi nkhani ina, ndipo sizikulowa m'zimene ndikufotokoza pano.

Pali mfundo ina imene sindingailumphe. Kamba ndi nyama yakutchire, ndipo nyama zakutchire m'Malawi zimatetezedwa ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017. Malonda a akamba a kumtunda pakati pa mayiko amayang'aniridwanso ndi pangano la CITES. Amene ali kale ndi kamba pakhomo angachite bwino kufunsa za chilolezo ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo amene wamupeza akuwoloka msewu wa ku Nkhata Bay kapena wa ku Ekwendeni angomuwolotsa n'kumusiya apitirize ulendo wake. Kugula kamba kwa ana amene akumutsatsa m'mphepete mwa msewu kumangowatuma kuti mawa akatole wina. Zimene zili m'munsimu ndi za kamba amene ali kale m'manja mwa anthu ndipo ayenera kudya.

Mabanja a zomera zoopsa

Kuloweza mayina a maluwa onse n'kosatheka, ndipo mayina amene timamva pogula sathandiza kwenikweni. Mukafunsa wogulitsa maluwa m'mphepete mwa msewu kuti, "Bambo, ili ndi duwa lanji?", yankho limakhala lakuti ndi la m'nyumba, kapena la pamthunzi, kapena dzina limodzi lachingerezi limene limaperekedwa kwa zomera zitatu zosiyana. Njira yodalirika ndiyo kuzindikira mabanja, chifukwa zomera za banja limodzi nthawi zambiri zimakhala ndi poizoni wofanana.

Banja limene ladzaza m'nyumba zathu kuposa onse ndi la Araceae, ndipo aliyense amene anadyapo koko wosapsa bwino amalidziwa kale ndi pakhosi pake. Kuyabwa kuja kumachokera ku timibulu ta calcium oxalate tosongoka ngati singano, tosaoneka ndi maso, timene timakhala m'mitolo m'kati mwa tsamba ndi tsinde. Nyama ikaluma, timasinganoto timafwamphuka n'kubaya lilime, m'kamwa ndi kummero, ndipo malowo amatupa. Ife koko timamuphika nthawi yaitali kuti ukali uthe, koma kamba amadya zaziwisi. Abale a koko amene timabzala m'miphika ndi Dieffenbachia, Philodendron, Monstera wa masamba ong'ambika, money plant, peace lily wa duwa loyera, Anthurium, Syngonium, Caladium wa masamba ofiira ndi oyera, ndi zina zonse za masamba aakulu ofanana ndi a koko. Nayenso Zamioculcas, wa masamba onyezimira ngati opakidwa mafuta, amene amamera m'tchire la kum'mawa kwa Africa ndi m'Malawi momwe, ndi wa banja lomweli. Chizindikiro cha banjali n'chosavuta: duwa lake limakhala ngati kachala koimirira kokutidwa mbali imodzi ndi tsamba limodzi lopindika. Zomera zimenezi kawirikawiri sizipha nthawi yomweyo, chifukwa ululu umaletsa nyama kudya zambiri, koma kamba wotupa m'kamwa amasiya kudya ndi kumwa, ndipo wamng'ono sachedwa kufooka.

Zimene zimapha ndi za gulu lina, zimene poizoni wake amalunjika ku mtima. Oleander, chitsamba cha masamba aatali osongoka ndi maluwa apinki kapena oyera chimene chimabzalidwa m'mipanda ndi m'mabwalo a maofesi, chimasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo poizoniyo ali m'tsamba, m'duwa, m'tsinde, ngakhale m'tsamba louma limene lagwa pansi. M'bale wake wa maluwa achikasu onga belu, Thevetia, ndi chimodzimodzi, makamaka njere zake. Adenium, wa tsinde lonenepa ngati kamlambe kakang'ono, amene anthu ambiri akumukonda m'miphika masiku ano, utomoni wake unkapakidwa ku mivi ya alenje m'madera ena a mu Africa, ndipo zimenezo zokha zikukwanira kukuuzani ukali wake. Chimene chimanyenga anthu ambiri ndi Kalanchoe. Popeza kamba wa mawanga amakonda zomera zokhuthala zosunga madzi, munthu amaganiza kuti chilichonse chokhuthala ndi chakudya, koma Kalanchoe, kuphatikizapo uja amene amabereka tiana m'mphepete mwa tsamba n'kumatigwetsa paliponse, ali ndi poizoni wa mtima amene ku South Africa ndi ku Australia amadziwika kuti amapha ziweto, monganso m'bale wake Cotyledon. Tianato timamera m'ming'alu ya simenti ndi m'miphika ya zomera zina, pamsinkhu weniweni umene pakamwa pa kamba pamafika.

Lamulo lina losavuta kukumbukira ndi la utomoni woyera. Thyolani kanthambi, ndipo kakatuluka madzi oyera ngati mkaka, chomeracho chichoke pamene kamba amayenda. Tonse tinakula tikuchenjezedwa kuti utomoni wa nkhadze usalowe m'maso, ndipo abale a nkhadze a m'miphika, monga Euphorbia milii wa minga ndi timaluwa tofiira, poinsettia amene amafiira nthawi yozizira, ndi croton wa masamba amitundumitundu, amawotcha m'kamwa ndi m'matumbo. Banja lomweli ndi la nsatsi, imene njere zake zili ndi poizoni wotchedwa ricin, ndi la mtengo wa tung, umene minda yake ndiyo inayambitsa tawuni ya Mzuzu kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Njere za tung nazo n'zapoizoni. Chinangwa nacho ndi cha m'banjali, ndipo apa ndi pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa. Chigwada ndi ndiwo yathu, koma timachisinja ndi kuchiphika kuti poizoni wa cyanide achoke, ndipo chachiwisi sichiyenera kupatsidwa kwa kamba. Pali zochepa zimene sizitsata lamulo la utomonili, monga masamba a mabulosi ndi kholowa, zimene zimatulutsa timadzi toyera pang'ono koma n'zodyedwa.

Zotsalazo ndizitchula mwachidule. Maluwa omera kuchokera ku chinthu chonga anyezi, monga Amaryllis ndi Crinum, komanso m'bale wawo Clivia, onse akhale kutali, pamodzi ndi Gloriosa, duwa loyanga lofiira ndi lachikasu ngati lawi la moto limene limamera lokha m'tchire nthawi ya dzinja ndipo lili ndi poizoni wotchedwa colchicine. Azalea ndi Hydrangea, amene amakonda nyengo yozizira ngati ya kuno, ndi oopsa. Chimodzimodzi Brugmansia wa maluwa aakulu olendewera ngati malipenga, amene ndi wa banja limodzi ndi fodya ndi nthula. Masamba a tomato ndi a mbatatesi nawo ndi a m'banja lomwelo. Onjezerani Lantana, Duranta wa m'mipanda, Sansevieria wa masamba oimirira ngati malupanga, ndi zomera zonga kanjedza za mtundu wa cycad zimene zimawononga chiwindi. Ndipo popeza makomo ambiri ku Mzuzu ali ndi mtengo wa mapeyala, dziwani kuti tsamba, khungu ndi chipatso chake zili ndi poizoni wotchedwa persin, amene amadwalitsa nyama zambiri. Khola la kamba lisakhale pansi pa mtengo umenewu, ngakhale mthunzi wake utakoma chotani. Kunena zoona, zambiri zimene zimadziwika za zomera zimenezi zinaphunziridwa pa agalu, amphaka, mbalame ndi ziweto, ndipo osunga akamba amangotsatira chenjezolo. Ine ndimaona kuti kutero n'kwanzeru, chifukwa kamba sataya kanthu posadya duwa limodzi.

Zimene angadye, ndi kabzalidwe kake

Chomera choyamba kubzala ndi Hibiscus, chitsamba cha maluwa aakulu ofiira chimene chili m'mipanda yambiri ya mumzinda muno. Masamba ndi maluwa ake omwe ndi chakudya, ndipo ndi wa banja limodzi ndi therere ndi chidede. Kamba amene anazolowera akaona duwa lofiira la Hibiscus m'manja mwa munthu amatambasula khosi lonse n'kuyamba kuyenda liwiro limene simukanamuganizira. Kubzala kwake n'kosavuta: dulani nthambi yokhwima pang'ono, yonenepa ngati pensulo ndi yotalika pafupifupi masentimita 20, chotsani masamba a m'munsi, muizike m'dothi losakaniza ndi mchenga pamthunzi, ndipo pakatha milungu ingapo idzaphuka. Wachiwiri ndi mtengo wa mabulosi, umene umagwira kuchokera ku nthambi mosavuta kuposa Hibiscus, ndipo masamba ake ali ndi kashiamu wambiri ndi ulusi umene matumbo a kamba amafuna. Mtengowu ukhoza kukhala mumphika waukulu kapena m'ndowa yobooka ngati mukuudulira kawirikawiri. Zipatso zake ndi zimene muzipereka mwa apo ndi apo.

Pa maluwa enieni a m'nyumba, wodalirika ndi Chlorophytum comosum, amene ambiri amamudziwa kuti spider plant, wa masamba aatali opyapyala a mizere yoyera, amene amatulutsa timphukira tolendewera pa tizingwe. Kwawo ndi kuno ku Africa, amapirira mthunzi, ndipo kamphukira kalikonse mukakaika padothi kamasanduka chomera chatsopano, moti mphika umodzi suchedwa kubereka ina yambiri. African violet, kachomera ka masamba aubweya kamene kanapezeka m'mapiri a Usambara ku Tanzania mu 1892, n'kabwino, ndipo Maranta ndi Calathea nazonso sizivulaza. Boston fern ndi wololedwa, koma musamusokoneze ndi fern wa kutchire amene wadzaza m'mapiri a Viphya, chifukwa ameneyo ndi wapoizoni. Pa zokhuthala zosunga madzi, Echeveria, Haworthia, Schlumbergera ndi Portulacaria afra n'zodyedwa, ndipo Opuntia, wa zikhatho zobiriwira zaminga, ndi chakudya chabwino mukachotsa minga yonse, ikuluikulu ndi ting'onoting'ono tomwe. Aloe vera kamba akhoza kumulawa pang'ono, koma wambiri amatsegula m'mimba. Pakhonde pofika dzuwa mukhoza kubzala nasturtium, Pelargonium amene timangomutcha geranium, pansy ndi rozi, ndipo nyengo yozizira ya Mzuzu imawayanja kuposa kutentha kwa ku Karonga. Samalani ndi Echeveria, amene kwa munthu wosazolowera amafanana ndi mitundu ina ya Kalanchoe ndi Cotyledon. Chimene simukuchitsimikiza chiwerengeni ngati choopsa.

Komabe kudziwa dzina la chomera sikukwanira. Hibiscus amene mwagula lero ku nazale akhoza kudwalitsa kamba monga chomera chapoizoni, chifukwa cha zimene anathiridwa. Mankhwala ophera tizilombo alipo a mitundu iwiri. Ena amakhala pamwamba pa tsamba ndipo amatha pang'onopang'ono ndi dzuwa ndi mvula. Ena, monga imidacloprid ndi dimethoate, amalowa m'kati mwa chomera n'kuyenda ndi madzi ake mpaka ku masamba, kuti nsabwe iliyonse yoyamwa ife. Amenewa simungawatsuke ngakhale mutathira ndowa zingati za madzi, ndipo imidacloprid wothiridwa m'dothi amakhalamo miyezi. N'chifukwa chake osunga akamba odziwa ntchito akagula chomera amachizula mumphika, kukutumula dothi lonse, kutsuka mizu, kuchiwokera m'dothi lawo, n'kudikira pafupifupi miyezi 6, ndipo pambuyo pake amangopereka masamba atsopano amene aphuka chili pakhomo pawo. Njira yachidule ndiyo kupempha nthambi kwa mnansi amene mukudziwa kuti sapopera mankhwala. Maluwa odula a paukwati ndi a pamaliro, kaya ndi rozi wokongola bwanji, asaperekedwe konse.

Dothi la mumphika nalo liyenera kuyang'anitsitsidwa. Timibulu ta feteleza, ndi timiyala toyera topepuka totchedwa perlite timene timapezeka m'dothi logula m'matumba, kamba amatitola dala, chifukwa chibadwa chake chimamuuza kuti choyera chili pansi ndi fupa kapena chigoba cha nkhono, zimene kutchire amakukuta pofuna kashiamu. Mankhwala ophera nkhono a metaldehyde, amene amaoneka ngati timibulu tobiriwira kapena tabuluu, amapha kamba monga amaphera galu. Musaiwalenso mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu m'nyumba, amene amatera pa masamba, ndi ndiwo zamasamba za kumsika, zimene zina zimapoperedwa masiku ochepa zisanathyoledwe. Tizilombo tikagwira maluwa amene mwasungira kamba, kaya ndi nsabwe za m'masamba kapena kodikodi woyera uja wonga thonje, chotsani ndi dzanja, tsukani ndi madzi ambiri, kapena dulani nthambi yogwidwayo n'kuitentha; ngati mwagwiritsa ntchito madzi a sopo, tsukuluzani bwino masambawo musanawapereke.

Kusamala maluwa amenewa ku Mzuzu kuli ndi zovuta zake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, mvula yake imapitirira mpaka Epulo ndi Meyi pamene madera ena auma kale, ndipo miyezi yozizira imakhala ya chinyezi. Motero chimene chimapha maluwa a m'miphika kuno kawirikawiri ndi madzi ochuluka. Katondo wofiira wa m'mabwalo athu akaikidwa yekha mumphika amagwirana ngati njerwa, mizu n'kusowa mpweya mpaka kuola. Msakanizeni ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa oola bwino, muchulutse mchenga pa zomera zokhuthala, ndipo chitini kapena ndowa iliyonse ikhale yobooledwa pansi. Musanathirire, pisani chala m'dothi. Chikatuluka chonyowa, dikirani. M'miyezi ya Juni ndi Julayi Echeveria ndi Opuntia akhoza kukhala milungu osathiriridwa. Za kuwala, kumbukirani kuti tili kum'mwera kwa ikweta, motero nthawi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto: khonde kapena zenera loyang'ana kumpoto ndilo limafunda, ndipo ndi malo oyenera Hibiscus, geranium ndi kamba yemwe. Loyang'ana kum'mwera lisiyireni fern ndi Calathea.

Ena amaganiza kuti akakweza mphika woopsa pa tebulo kapena kuupachika kudenga ndiye kuti athana nalo vutolo. Masamba amagwa, maluwa amayoyoka, money plant amatsika yekha kufuna pansi, ndipo kamba ndi wamakani kuposa mmene amaonekera: amakankha miphika, kukwera masitepe ndi kugwetsa zimene mumayesa kuti zakhazikika. Ngati simukufuna kutaya Dieffenbachia wanu, mpatseni chipinda chimene kamba salowamo, ndipo masamba amene mwadulira asatayidwe pa dzala limene iye amafikapo. Zomera zodyedwa nazo musazisiye m'khola nthawi zonse, chifukwa kamba wamkulu amamaliza spider plant mpaka ku mizu tsiku limodzi. Khalani ndi miphika ingapo yosinthanitsa, wina ukudyedwa ina ikuphukira, kapena muzingothyola n'kumupatsa.

Nsima ya kamba ndi udzu

Ngakhale mutabzala zabwino zonse zimene ndatchulazi, maluwa a m'miphika ndi ndiwo chabe. Nsima ya kamba wa mawanga ndi udzu, ndipo kapinga wosathiridwa mankhwala, amene angadye akuyenda yekha, amaposa chilichonse chogula. Chifukwa chake chili m'matumbo. Kamba alibe mano. Amadula tsamba ndi milomo yake yolimba n'kumeza, ndipo ntchito yaikulu yogaya imachitidwa ndi tizilombo tosaoneka timene timakhala m'matumbo aakulu n'kumaphwanya ulusi pang'onopang'ono. Chakudya chimatenga masiku angapo, nthawi yozizira ngakhale milungu, kuti chituluke. Tizilomboti timafuna chakudya cha ulusi wambiri ndi shuga wochepa. Mukachulutsa nthochi, mango, mapapaya kapena tomato, shuga amawira m'matumbo ndipo kamba amatsegula m'mimba. Mukachulutsa za mapuloteni, monga nyemba, khwanya kapena zotsala za patebulo, amakula mothamanga, ndipo zotsalira za mapuloteniwo zimalemetsa impso ndi kupanga miyala m'chikhodzodzo. Nsima yeniyeni, buledi ndi mpunga alibe nazo ntchito.

Pamwamba pa udzu, zitsamba zimene timapalira n'kutaya ndizo zabwino: chisoso, mwamunaaligone, khovani, pamodzi ndi nkhwani ndi maluwa ake achikasu, ndi kholowa pang'ono. Bonongwe, sipinachi ndi masamba a beetroot zili ndi oxalate wa mtundu wosungunuka, amene sabaya m'kamwa ngati wa koko koma amagwira kashiamu m'matumbo kuti thupi lisamutenge. Zimenezi zizibwera mwa apo ndi apo. Kabichi, repu, mpiru ndi chainizi zikadyedwa tsiku ndi tsiku zimasokoneza chithokomiro, choncho nazo zikhale zosinthira chabe. Letesi sapha, koma ndi madzi okhaokha. Chofunika ndi kusakaniza mitundu yambiri kuti pasakhale chimodzi chimene chikuchuluka.

Nkhani ya kashiamu ndi yaikulu chifukwa chigoba ndi fupa lamoyo, lolumikizana ndi msana ndi nthiti. Chakudya cha kamba chimafunika kukhala ndi kashiamu wochuluka kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi fosifolasi, ndipo mukhoza kuonjezera powiritsa makoko a mazira, kuwaumitsa, kuwasinja n'kuwaza pang'ono pa masamba kangapo pa mlungu. Koma kashiamu salowa m'mafupa popanda vitamini D3, amene khungu la kamba limapanga likawombedwa ndi cheza cha dzuwa cha mtundu wa UVB, ndipo cheza chimenechi sichidutsa pa galasi la zenera. Kamba wokhala m'chipinda chowala bwino, pakati pa maluwa okongola, mafupa ake amakhala ngati ali mumdima: chigoba chimafewa, miyendo n'kumalephera kunyamula thupi. Zigawo za chigoba zotumphuka ngati timapiri, zimene ena amayesa kukongola, kawirikawiri zimasonyeza kuti anakulira pa chakudya ndi malo osayenera. Choncho ngakhale mu Julayi, nkhungu ikangochoka, mtulutseni akawothere dzuwa pamalo okhala ndi mthunzi pafupi ndi mbale ya madzi osaya, ndipo madzulo mumubwezere m'bokosi loyalidwa udzu wouma. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka si njira yomufunditsira. Ndipo aliyense amene wamugwira, makamaka ana, asambe m'manja ndi sopo, chifukwa akamba amanyamula tizilombo ta Salmonella, todwalitsa anthu m'mimba, popanda iwo kudwala.

Zikachitika kuti wadya chokayikitsa, yang'anani malovu kapena thovu kukamwa, kutupa, kudzipukuta kumaso, kutsegula m'mimba, kupuma atayasamula, ndi kulefuka kwa khosi ndi miyendo. Popeza zonse m'thupi mwake zimayenda pang'onopang'ono, zizindikiro za poizoni wa mtima kapena wa chiwindi zikhoza kuchedwa, ndipo kuona kamba ali phee tsiku loyamba si umboni wakuti wapulumuka. Chotsani zotsala za tsamba pakamwa, mutsukeni pamlomo ndi madzi oyera mutu utaloza pansi, kenako muikeni m'beseni la madzi ofunda pang'ono ofika pachibwano kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti amwe yekha, inu muli pomwepo. Musamukakamize kusanza, ndipo musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere monga ena amachitira ndi agalu, chifukwa zikhoza kulowa m'mapapo. Muikeni pofunda, n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto mutanyamula nthambi ya chomeracho, yokhala ndi duwa ngati lilipo, pamodzi ndi botolo la mankhwala alionse amene anathiridwapo. Madokotala ambiri a ziweto anazolowera ng'ombe, mbuzi, nkhuku ndi agalu, choncho si mwano kuwakumbutsa mwaulemu kuti ivermectin, mankhwala a njoka za m'mimba amene amagwira bwino ntchito pa ziweto zambiri, amapuwalitsa kamba ndipo akhoza kumupha ngakhale atapatsidwa pang'ono chabe.